Tsiku Limene Makina a Pauline Sanayake

Pauline Gwanda anatsika minibasi pa Nsungwi dzuwa litangotuluka, atavala suti yabuluu imene ankaisungira masiku akuluakulu okha, ndipo anayenda ngati munthu amene wapambana kale. Chifukwa chake chinalipo. Tsiku limenelo kunkabwera alendo ochokera ku yunivesite ina ya ku Ireland, imene inali pa ubale ndi yunivesite imene iye ankaphunzitsako, kudzaona makina ake opangira makala kuchokera ku makoko a mtedza.

Alendowo sankabwera kudzamwa tiyi. Ankayendera aphunzitsi angapo amene kafukufuku wawo ankaoneka kuti angathe kusanduka malonda, ndipo pamapeto pake ankayenera kusankha mmodzi yekha woti agwirizane naye: kumugulira makina aakulu, kumuthandiza kukhazikitsa kampani, ndi kumutsegulira njira za misika. Lamulo lawo analinena mosapita m'mbali. Ankafuna kuona ndi maso awo makina akugwira ntchito, chifukwa mapepala ndi zithunzi zokongola anali atatopa nazo. Kwa Pauline anapatula m'mawa umenewu wokha, masana ake kunali kunyamuka ulendo wa ku Zomba kukaona wina.

Pauline sankaopa chilichonse. Anakulira pa Nsungwi pomwepo, mwana wa mayi wogulitsa tomato, ndipo kuyambira ali mtsikana ankaona milu ya makoko a mtedza ku msika wa Mgona ikungotenthedwa kapena kuwolera pamvula, pamene anthu akulira ndi mtengo wa makala. Zaka zake zambiri ku yunivesite zinathera pa funso limodzi lomwelo. Tsopano yankho linali m'kanyumba ka malata kamene ankachita lendi kuseri kwa msika wa Nsungwi: makoko amawawotcha pang'ono m'migolo, amawasinja, amawasakaniza ndi phala la chinangwa, kenako makina amawapanikiza n'kutulutsa timibulu takuda tosachedwa kuyaka koma tochedwa kuzima. Chovuta chinali chimodzi chokha. Makinawo ankayendera injini yakale ya chigayo, ndipo ikangoyaka, anthu oyandikana nawo ankasiya kucheza n'kuyamba kulankhulana ndi manja.

Atakhota kulowa mu kamsewu kafumbi kopita kumalo ake, miyendo yake inaima yokha. Pamsewu panali patayalidwa nthambi za masamba obiriwira, kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Chapatsogolo anyamata ankamangirira tenti, ndipo kuchokera m'nyumba yogundana mpanda ndi kanyumba kake munkamveka nyimbo ya amayi, yotsika, yokoka.

Saida, mayi amene ankamuthandiza kuyendetsa makina, anali atakhala pa njerwa pakhomo la kanyumbako, chitseko chili chokiya.

"Dokotala, kwagwa zovuta," anatero Saida akuimirira. "A Golden atisiya. Anangoti mutu, mutu, kufika nawo kuchipatala n'kuti atatha kale."

Bambo Golden anali wogulitsa makala wotchuka pa Nsungwi, ndipo anali mdani wa Pauline wosabisa nkhope. Kuyambira tsiku limene makina anayamba kulira kuseri kwa mpanda wake, iye sanagone. Ankauza aliyense wobwera kudzagula kuti timibulu ta dokotala timapweteketsa mutu, kuti timanunkhitsa ndiwo, ndipo anatipatsa dzina limene linafalikira msika wonse: ndowe za ku yunivesite. Akakumana pamsewu ankavula chipewa mwaulemu wonse n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji a dokotala a ndowe?" Kenako ankaseka mpaka kugwira mpanda.

Tinene zoona: chinthu choyamba chimene chinabwera mumtima mwa Pauline sichinali chisoni. Unali mkwiyo. Masiku onse a chaka, munthu ameneyu anasankha lero? Ngakhale pomwalira anafuna kuti amutsekere njira? Maganizo amenewo atangodutsa, manyazi anamugwira mpaka anayang'ana pansi, ngati Saida wamva zimene zanenedwa mumtima.

"Thupi lili kuti?" anafunsa.

"Alibweretsa m'mawa uno, lili m'nyumba. Akuti kuika ndi mawa, akudikira abale a ku Dedza."

Asanayankhe, galimoto yaying'ono inaima patali ndi masamba aja, ndipo munatuluka Clifford. Uyu anali mkulu wa ofesi imene yunivesite inakhazikitsa kuti izisandutsa kafukufuku kukhala malonda, mnyamata wanzeru, wothamanga m'zonse, amene anavutikira ubale umenewu kuposa wina aliyense. Anayang'ana masamba, anayang'ana tenti, anayang'ana mpanda wa udzu umene unkalekanitsa nyumba ya siwa ndi kanyumba ka makina, ndipo anagwira m'chiuno.

"Doc, musandiuze," anatero.

"Ndikuuzani. Makina sayaka lero."

"Ayi Doc, tiyeni tikhale siriyasi. Anthu awa akwera ndege kuchokera kutali. Ndi mphindi zochepa chabe. Titseka chitseko, tiika matumba m'mazenera, ayang'ana, ajambula, basi tazimitsa. Ndani angadandaule?"

"Injini imeneyo mumaidziwa, a Clifford. Matumba angaitseke pakamwa?"

"Ndiye tikapepese kaye. Tikawafotokozere bwinobwino. Komanso, pepani kunena, malemuwa si omwe aja ankakunyozani tsiku ndi tsiku? Inu muwataye makina atsopano chifukwa cha munthu amene ankakutchulani zija?"

Mawu amenewo anamulasa Pauline pamalo pofewa, chifukwa anali mawu ake omwe, ongotuluka pakamwa pa wina. Ankafuna makina aakulu aja ndi mtima wake wonse. Ankawaona kale m'maganizo, oyendera magetsi, osasokosa, akudzaza matumba amene amayi a ku Mgona, ku Kawale mpaka ku Chinsapo adzagulitse. Anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma nthawi yomweyo galimoto yoyera ya alendo inatulukira pakona.

Dalaivala, munthu wodziwa zinthu, anaima atangoona masamba. Kumbuyo kunali Pulofesa Belinda, mayi wa imvi zodula mofupika amene ankatsogolera ulendowo, ndi mnzake Collins, bambo wamtali wa nkhope yosekerera, mmodzi wa anthu aja amene sangadutse mpando wogwa osaudzutsa. Collins ataona nthambi zatsekereza msewu, anaganiza kuti zagwa ndi mphepo kapena zatayidwa ndi ana. Dalaivala asanatembenuke n'komwe, iye anali atatsika kale. Anagwira nthambi imodzi ndi manja awiri, anaikokera m'ngalande, anabwerera kudzatenga yachiwiri, kenako anasasa m'manja n'kumwetulira anthu onse ngati munthu amene wathandiza mudzi.

Nyimbo ija inaduka pakati. Abambo amene anakhala pamabenchi anatembenuka onse pamodzi. Anyamata omanga tenti anasiya zingwe n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kumene kunali mzungu uja, ndipo mmodzi wa iwo anafunsa mokweza kuti, "Kodi ameneyu akuti kuno kwafa galu?"

Pauline sanadziwe kuti anathamanga bwanji ndi nsapato zazitali zija. Anadutsa Collins, analowa m'ngalande, anatulutsa nthambi zija n'kuzibwezera pamsewu mmene zinalili, matope ali m'manja ndi pa suti yabuluu. Atatero anapita pamene panakhala a Josiah, mkulu wa mpingo amene ankayendetsa mwambo, ndipo anagwada pafumbi.

"Pepani abambo. Ndi alendo anga. Kwawo kulibe mwambo umenewu, sanadziwe kuti masambawa akunena za maliro."

A Josiah anakweza dzanja, anyamata aja anaima. Kenako a Josiah anatembenukira kwa Pauline.

"Mlendoyu sitimuimba mlandu," anatero modekha. "Koma inu ndinu mwana wa pompano. Mayi anu tinawaika ndife. Alendo anu akafika pakhomo pali zovuta, amayambira kuti?"

"Amayambira pa siwa, abambo."

"Ndiye ayambire pomwepo."

Pauline anabwerera kugalimoto n'kufotokoza zonse m'Chingerezi. Collins, atamva tanthauzo la nthambi zija, anafiira nkhope mpaka m'makutu ndipo anavula chipewa chake osauzidwa. Clifford anamutenga kukakhala naye kwa abambo, kumene anam'patsa malo pa benchi ndipo iye anakhala mawondo ali m'mwamba, osayerekeza ngakhale kutsokomola. Saida anabwera ndi zitenje ziwiri. Chimodzi anamanga Pauline pamwamba pa suti yake, china anamumanga Pulofesa Belinda, amene anaimirira phee manja ali m'mwamba ngati mwana amene akuvekedwa yunifolomu.

Pauline ndi Belinda anavula nsapato pakhomo n'kulowa. M'nyumba munali mdima ndi kutentha, mipando yonse itatulutsidwa, amayi atakhala pamphasa mothithikana. Pakona, pafupi ndi bokosi, panakhala mkazi wa malemu, amene aliyense ankamutchula kuti amake Miracle. Maso ake anali otupa, mawu atatha ndi kulira. Amayi anasendera kuti alendo apeze pokhala, ndipo Pauline anakhala pafupi ndi namfedwayo n'kumugwira dzanja.

"Pepani amayi. Tamva zovutazi."

Amake Miracle anagwedeza mutu. Patapita kanthawi anasendera pafupi n'kulankhula ndi mawu osasa, koma omveka kwa onse amene anali pamphasapo.

"Ndamva kuti azunguwa abwera kudzaona makina anu. Pitani mukayatse, mwanangu. Anzanuwa apita kale, phokoso sakulimvanso. Musataye mwayi wanu chifukwa cha ife."

Amayi onse anayang'ana pansi, wina akukonza mpango, wina akuthothola ulusi pa chitenje, koma panalibe khutu limodzi limene linali kutali.

"Akuti chiyani?" ananong'ona Pulofesa Belinda.

Pauline akanatha kunama. Akanatha kunena kuti mayiyu akuthokoza chifukwa chobwera, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma anamasulira mawu onse mmene analili, ndipo anaona nkhope ya Pulofesayo ikuwala ndi mpumulo.

"Ndi mayi wokoma mtima kwambiri," anatero Belinda. "Ndiye vuto latha?"

Apa ndi pamene mtima wa Pauline unagawikana. Chilolezo chinali chitaperekedwa, pamaso pa mboni, ndi mwini maliro. Palibe akanamuimba mlandu pabwalo lililonse. Akanangodzuka, kuvala nsapato, kupukusa injini, ndipo pofika masana dzina lake likanakhala pamwamba pa onse. Koma iye anakulira m'nyumba ngati imeneyi, ndipo ankadziwa mtundu wa chilolezo chimenechi. Chinali ngati cha mwininyumba amene akukuuza kuti umalize ndiwo zonse m'mbale, ana ake ali pakhomo akuyang'ana. Amanena ndi mtima woona, ndipo ndi chifukwa chake suyenera kuvomera. Mayiyu, pa tsiku loipitsitsa pa moyo wake, anapeza mphamvu yoganizira mnansi. Chimene chinatsala chinali choti aone ngati mnansiyo angamuganizirenso.

"Zikomo amayi," anatero Pauline, mokweza pang'ono kuti asabwerezenso. "Mwandilemekeza kwambiri. Koma makina sathawa. Lero ndabwera kudzalira nanu."

Amake Miracle anamufinya dzanja mwamphamvu mpaka kupweteka, kenako anagwetsa mutu paphewa lake n'kuyamba kulira mokweza. Mayi wina anayambitsa nyimbo, ena onse analandira. Pauline anadabwa kupeza kuti nayenso misozi ikutsika, ndipo sinali ya makina. Golden, ndi pakamwa pake ponse paja, anali munthu wa m'dera lake, ndipo mpanda uja sudzamvanso kuseka kwake.

Atatuluka, anawatengera alendo ku kanyumba kake n'kutsegula chitseko. Anawaonetsa migolo, anawaonetsa timibulu touma pa thandala, anawalola kugwira injini yozizira. Collins anafunsa mafunso ambiri monong'ona. Clifford anangoima pakhomo akuyang'ana kumwamba, nsagwada zili gwa.

Pulofesa Belinda anatola kam'bulu kamodzi, anakatembenuza, anakabwezera.

"Dokotala Gwanda, ndikufuna ndikuuzeni zoona," anatero. "Ntchito yanu ndaikonda kuyambira pamene ndinaiwerenga. Koma anzanga amene ananditumiza anandiuza kuti ndione makina akuyenda. Sindingakanene kuti ndaona chimene sindinaone. Ndipo sindikumvetsa. Mayi uja anavomera yekha."

"Anavomeradi."

"Nanga n'chifukwa chiyani mwakana?"

Pauline anamanga bwino chitenje chake chimene chinkamasuka, ndipo analankhula ndi mawu omwe ankaphunzitsira m'kalasi, osathamanga.

"Pulofesa, makina opanikiza makala mukhoza kuwaona kulikonse padziko. Inu mwabwera kudzaona ngati kafukufuku wanga angasanduke malonda. Malonda amafuna ogula. Ogula anga ndi amayi aja munakhala nawo pamphasa. Ndi omwewo amene amayatsa mbaula m'mawa uliwonse, ndi omwewo amene adzanyamule matumba anga kupita nawo kumsika. Ndikanayatsa injini iyi bokosi lili kuseri kwa mpandawu, palibe akanandinena pamaso. Akanangosiya kubwera. Pofika sabata yamawa, kuchokera pano mpaka ku Mgona, ndikanakhala mayi uja anaimbira maliro chigayo. Mukanandipatsa makina aakulu oti ndizipangira makala opanda wowagula."

"Ndiye mwachita izi chifukwa cha malonda?"

"Ayi. Ndachita chifukwa ndi maliro. Koma mwandifunsa ngati munthu wa malonda, ndiye ndakuyankhani za malonda."

Belinda anamwetulira pang'ono, koma sanalonjeze kanthu.

"Ndikanene chiyani kwa anzanga?"

"Mukanene kuti makina sanayake," anatero Pauline. "Mukanenenso chifukwa chake. Zikakhala kuti chifukwacho sichikukwanira, ndiye kuti si ine amene mukumufuna, ndipo ndi bwino tidziwiretu lero."

Galimoto yoyera ija inabwerera chambuyo mpaka pakona n'kupita. Clifford anadikira kuti isowe, kenako anatembenuka.

"Mwaitaya, Doc. Zaka zonse zija. Munthu wa ku Zomba uja makina ake ayaka mawa ngati wailesi."

"Mwina ayakadi," anayankha Pauline. "Mupita kuofesi kapena mukhala nawo pa benchi?"

Clifford anapita kuofesi.

Pauline anavula jekete, analipachika pa msomali, n'kupita kuseri kwa nyumba ya siwa kumene amayi ankaphikira anthu obwera. Nyemba zinali zambiri, moto unali wochepa. Saida anamukokera pambali.

"Dokotala, bwanji titenge matumba athu awiri tiwapatse? Anthu onsewa aona mmene timayakira. Mwina zingatipindulire."

Maganizowo anali anzeru, ndipo Pauline anawakana msanga asanayambe kuwakonda.

"Ayi Saida. Munthu wagulitsa makala moyo wake wonse. Timuphikire alendo ake pa makala ake."

Anapita yekha pa mulu wa matumba a malemu, anasenza limodzi mothandizana ndi mayi wina, ndipo tsiku lonselo dokotala wa ku yunivesite anakhala akukupiza moto, kusenda anyezi ndi kutsuka mbale, bulauzi yoyera itasanduka yotuwa. Amayi ena poyamba ankamutchula kuti "adokotala" n'kumamulanda ntchito zolemera. Pofika madzulo ankangoti, "Pauline, tabweretsa mchere uko," ndipo iye ankathamanga.

Tsiku lotsatira anaika maliro. Pobwerera kuchokera kumanda, ataimirira kumbuyo kwa lole pakati pa anthu otopa, m'pamene kulemera kwa zimene anachita kunamugwera. Anaganiza za alendo aja ali ku Zomba, akuwomba m'manja pamaso pa makina a munthu wina. Anaimbira Clifford, foni inangoitana osayankhidwa. Zinamupweteka, ndipo sanadzinamize kuti sizikupweteka. Koma atadzifunsa ngati akanachita mosiyana atapatsidwanso m'mawa uja, yankho linabwera lomwelo, losagwedera. Makoko ku Mgona sanathe, manja anali nawo, injini yakale ija inali isanafe. Adzayenda pang'onopang'ono, koma adzafika.

M'mawa mwake abale anasesa pakhomo, tenti inatsitsidwa, mabenchi anabwezedwa kutchalitchi, ndipo a ku Dedza anayamba kulongedza. Pauline ndi Saida anali akusakaniza phala la chinangwa ndi makoko osinja, akukambirana ngati kuli koyenera kuyatsa tsiku lomwelo kapena kudikirabe, pamene udzu wa mpanda unagwedera. Pa kampata kamene nkhuku zinkadutsira panatulukira amake Miracle, mpango wakuda kumutu, m'manja atanyamula mtolo wa matumba opanda kanthu, akuda bii ndi fumbi la makala.

"Amayi! Mwatuluka kale?" anadabwa Pauline.

"Sindinatuluke ayi. Kuno si kunja, ndi kuseri kwa mpanda wanga." Anaika matumba aja pansi n'kukhala pa njerwa. "Mwanangu, ndabwera ndi nkhani. Anzanu aja makala ankakatenga okha kutali, pa njinga, kuthawana ndi a zankhalango m'njira. Ine zimenezo sindingathe, Miracle sangathenso. Koma malo awo pamsika alipo, ndipo anthu anazolowera kugula pamenepo. Ana akufuna kudya. Zinthu zanuzi, kodi mungamatipatse kuti Miracle azikagulitsa?"

Pauline anayang'ana matumba aja.

"Amayi, anthu a pamalo amenewo anauzidwa zambiri za makala angawa."

"Anauzidwa ndi mwamuna wanga. Tsopano auzidwa ndi ine. Nanga mukuganiza kuti masiku amene iye ankachoka, ine ndinkaphikira chiyani? Saida uyu akudziwa."

Saida anayang'ana kumbali akudziletsa kuseka.

"Ndiye yatsani chinthu chanucho," anapitiriza amake Miracle. "Lero ndikunena zenizeni. M'nyumba muja mwachita chete woopsa."

Saida anagwira chopukusira, anapukusa mwamphamvu, injini inatsokomola, inatulutsa utsi, kenako inabangula mpaka malata ananjenjemera. Timibulu takuda tinayamba kutuluka motsatana, tonyowa, tofunda. Amake Miracle sanadikire kuuzidwa. Anakwinya chitenje, anapita pa thandala n'kuyamba kuyala timibuluto padzuwa, mwaluso la munthu amene wagwira makala zaka zambiri.

Chifukwa cha phokosolo, palibe anamva galimoto ikuima. Pauline anangoona chithunzithunzi pakhomo, ndipo atadzutsa mutu anaona Pulofesa Belinda ataima pamenepo, Collins ali kumbuyo kwake, ndipo kupyola iwo, galimoto yoyera yodzaza masutikesi.

Belinda analankhula, koma mawu ake anamezedwa ndi injini. Anayesanso, kenako anangoseka n'kulowa. Anazungulira makinawo, anagwada kuyang'ana pamene timibulu tinkatulukira, anatola kamodzi n'kudetsa manja ake. Collins anajambula, atayamba wafunsa ndi maso ngati n'kololedwa. Patapita nthawi, Pauline anakweza dzanja ndipo Saida anazimitsa.

"Tikupita ku bwalo la ndege," anatero Belinda m'makutu mukulirabe. "Ndinafunsa dalaivala wathu kuti maliro kuno amatha liti. Anati mwina lero. Anatinso njira ya ku bwalo la ndege imadutsa pafupi ndi pano, ndiye ndinati tiyese." Anatembenukira kwa mayi wa mpango wakuda uja, anamuzindikira, ndipo anagwira pamtima. "Mayi awa akutani kuno?"

"Abwera kudzaoda," anayankha Pauline. "Malo a amuna awo pamsika azigulitsapo makala athu."

Belinda anayang'ana matumba akuda aja, anayang'ana amake Miracle amene anapitiriza kuyala timibulu osasamala za azungu, kenako anayang'ana Pauline. Pauline sanaphethire.

"Ku Zomba taona makina abwino kwambiri," anatero Pulofesayo pomaliza. "Oyera, osasokosa. Nditafunsa kuti adzagula ndani, anandionetsa chithunzi pa kompyuta." Anapukuta manja ake pa buluku. "Anzanga ndalankhula nawo kale za inu. Chimene chinatsala ndi chimene ndaona pano. Tigwira ntchito limodzi, Dokotala Gwanda."

Saida, amene Chingerezi ankachimva pang'ono, anaimba nthungululu imodzi n'kudzitseka pakamwa atakumbukira kuti pakhomo loyandikana pakadali chisoni. Pauline anagwirana chanza ndi mlendoyo, manja onse awiri ali akuda.

Dalaivala analiza hutala. Collins, amene anali atatulutsa kale foni kuti alembe, anafunsa ali pakhomo kuti, "Makinawo akadzafika, tidzawatumize pa adiresi iti? Msewu uno dzina lake ndi chiyani?"

Pauline anaseka.

"Msewu uno ulibe dzina. Akadzafika pa Nsungwi, adzangofunsa kuti kwa Pauline wa makala, woyandikana ndi kwa malemu Golden. Aliyense adzawalozera."